Ndani Anatentha Nyumba Zija?

Amene anakula chisanafike chaka cha 1993 akukumbukira chingwe cha pachipata cha msika. Mnyamata wa malaya ofiira ankaima pamenepo, ndipo mayi wosenza dengu la tomato sankadutsa asanaonetse khadi la chipani. Pokwera basi zinali chimodzimodzi. Amayi ena oyembekezera ankagulitsidwa makhadi awiri, lachiwirilo la mwana amene anali asanaone dzuwa. Lero tikamakamba zimenezi timati boma la Kamuzu linkatizunza, ndipo sitikunama. Koma mnyamata uja sanachokere ku Sanjika. Anali mwana wa m'mudzi momwemo. Mayi wa tomatoyo ankamudziwa dzina, ankadziwa mayi ake, mwinanso anamuonapo akukwawa. Madzulo akavula malaya ofiira aja ankadya nsima m'mbale imodzi ndi abale ake amene m'mawa mwake iye akanawabweza pachipata.

Funso lakuti anthu wamba ali ndi gawo lanji pa nkhanza za boma lowalamulira lavutitsa mitundu yambiri. Ajeremani anakumana nalo nkhondo itatha mu 1945. Ku South Africa linafunsidwa poyera kuyambira mu 1996, pamaso pa komiti ya Desmond Tutu yofufuza choonadi ndi kuyanjanitsa anthu. Ku Rwanda linakafika m'mabwalo a m'midzi. Ife kuno tinalilambalala. Tinavota mu 1993, tinavotanso mu 1994, kenako tinapukuta m'manja n'kupitiriza ulendo ngati zaka 30 zija zinali chimvula chimene chinangotigwera n'kukata chokha.

Pali mayankho awiri amene amabwera msanga pakamwa, ndipo onse awiri ndi obisalirako.

Loyamba limati wolakwa anali wina, wapamwamba kapena wapansi, malinga ndi pamene wolankhulayo anaima. Nkhani ya ku Mwanza ikuonetsa bwino momwe yankholi limagwirira ntchito. M'mwezi wa Meyi 1983, nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anagwidwa, anatengedwa kupita ku Thambani, anaphedwa ndi apolisi, ndipo dziko linauzidwa kuti afa pa ngozi ya galimoto. Zinthu zitasintha mu 1994, komiti yofufuza yotsogozedwa ndi Jaji Michael Mtegha inafukula nkhaniyi. Mu 1995 Kamuzu, John Tembo ndi ena anazengedwa mlandu, ndipo mu Disembala chaka chomwecho khoti linawapeza osalakwa. Mwezi wotsatira Kamuzu anapepesa mtundu wa Amalawi, koma mwa njira yoti zoipazo, ngati zinachitikadi, zinachitidwa ndi ena amene ankagwiritsa ntchito dzina lake. Apansi nawo ankati iwo ankangotumidwa. Wapamwamba aloza pansi, wapansi aloza m'mwamba, ndipo anthu anayi atsala m'manda popanda dzanja limene linawapha. Mpaka lero mudzamva ena akuti Ngwazi sinkadziwa, oipa anali omuzungulira. Koma mtsogoleri amene ankanena poyera kuti omutsutsa adzakhala nyama ya ng'ona sangathawire kumbuyo kwa kusadziwa.

Yankho lachiwiri limaoneka lodzichepetsa: tonse tinalakwa, tonse tinavina, tonse tinaomba m'manja, tiyeni tingoiwala. Ine ndimaliopa kwambiri kuposa loyamba lija, chifukwa limamveka ngati kulapa pamene ntchito yake ndi yofufuta. Hannah Arendt, Myuda wa ku Germany amene anathawa ulamuliro wa Hitler, anachenjeza kuti kupatsa mlandu anthu onse n'kumasula amene anachitadi choipacho. Mwambi wakuti nsomba ikawola imodzi zonse zawola ndi wa nsomba. Anthu sawola m'dengu limodzi. Vera Chirwa, amene anakhala m'ndende kuchokera kumapeto kwa 1981 mpaka mu Januwale 1993, sangaikidwe pa sikelo imodzi ndi amene anamuweruza kuti anyongedwe. Mwana wa sukulu amene anaimikidwa padzuwa tsiku lonse m'mbali mwa msewu kudikira kuti Ngwazi idutse sali ngati munthu amene anakalemba dzina la mnzake ku Special Branch.

Komabe pali chimodzi chimene yankho lachiwirili likuchikhudza ndithu: boma lankhanza silingayende popanda manja ambirimbiri. Munthu mmodzi, ngakhale atakhala woopsa chotani, sangaime pa chipata cha msika uliwonse. Amafuna wosindikiza makhadi, wowagulitsa, woyendetsa galimoto yonyamula akaidi, wolemba kalata yochotsa munthu ntchito, wowerenga bodza pa wayilesi, ndi khutu m'bala iliyonse. Wolemba mbiri Robert Gellately atafufuza mafayilo a Gestapo a mumzinda wa Würzburg, anapeza kuti apolisi achinsinsi amene dzina lawo linkanjenjemeretsa anthu anali osakwana 30 m'chigawo cha anthu oposa 800,000. Milandu yambiri inkayamba ndi nzika wamba: woyandikana naye nyumba, mnzake wa kuntchito, nthawi zina wachibale. Ku East Germany, pofika 1989, bungwe la apolisi achinsinsi la Stasi linali ndi antchito pafupifupi 91,000, koma akazitape ake obisika pakati pa anthu anali oposa 170,000 m'dziko la anthu pafupifupi 16 miliyoni. Kwathu kuno akuluakulu amakumbukira momwe nkhani inkazimira mlendo akangolowa m'chipinda, ndi momwe bambo ankatsitsira mawu m'nyumba mwake momwe. Khutu limene ankaliopa silinali la Kamuzu. Linali la munthu amene ankapita naye kumaliro.

Amene anayesa kupatula nkhaniyi mwadongosolo ndi Karl Jaspers, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Heidelberg, amene mkazi wake anali Myuda ndipo iye mwini analetsedwa kuphunzitsa m'nthawi ya Hitler. Mu 1946 anauza Ajeremani anzake kuti mawu oti "kulakwa" akusenza zinthu zinayi zosiyana. Pali mlandu wa kukhoti, umene umagwera munthu amene anapha, anamenya, analamula. Umenewu ndi wa munthu payekha ndipo umafuna umboni. Pali ngongole ya unzika: zimene boma lako lawononga, iwe monga nzika udzalipira nawo, kaya unalikonda bomalo kaya ayi. Pali mlandu wa chikumbumtima, umene woweruza wake ndi mtima wa mwini wake, ndipo sumasuka ndi mawu oti "ndinalamulidwa". Chachinayi n'chovuta kuchitchula: kulemedwa kumene munthu amamva poti mnzake anaphedwa iye akuona, iye n'kukhalabe ndi moyo. Jaspers anakana kwamtuwagalu kuti mtundu wonse ungakhale chigawenga. Koma anakananso kuti wina atuluke m'nkhaniyi ngati mlendo wongodutsa.

Kupatula kumeneku sikwachilendo kwa ife. Mwana wa m'banja akatentha nkhokwe ya eni, akumpanda amatenga mwanayo, koma banja lonse limasonkha chimanga chobwezera, ndipo malume wake amapita kukapepesa ngakhale tsikulo anali kutali. Palibe amene amati malumeyo ndi wotentha nkhokwe. Palibenso amene amamulola kunena kuti sizikumukhudza.

Tsopano mantha. Amene anabadwa pambuyo pa 1994 nthawi zina amafunsa makolo awo mwaukali: munkalolera bwanji? Funsoli ndi loyenera, koma wofunsayo ayambe wadziwa mtengo wake wa kukana. Lamulo linkalola kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu, kwa nthawi yosadziwika. Mikuyu, Dzaleka ndi ndende ya Zomba sizinali nthano. Lamulo la 1966 lolanda katundu linkatha kusiya banja lopanda nyumba ndi sitolo tsiku limodzi. Wolemba ndakatulo Jack Mapanje anatengedwa mu Seputembala 1987 n'kutuluka mu Meyi 1991 osauzidwa m'khoti chimene analakwa. Kuthawa dziko nakonso sikunali chitetezo: wotsutsa boma Attati Mpakati anaphedwa ku Harare mu 1983, ndipo mtolankhani Mkwapatira Mhango anatenthedwa m'nyumba ku Lusaka mu 1989 pamodzi ndi a m'banja lake. Chilango sichinkathera pa munthu mmodzi; mkazi ankachotsedwa ntchito, abale ankasalidwa, anzake ankasintha njira akamuona. Mayi amene anagula khadi kuti akagulitse tomato wake, ana adye, ine sindingamuloze chala. Amayi a Mbumba amene ankakwezedwa m'malole kusiya makanda ndi minda kukavina pamsonkhano, ambiri a iwo analibe pokanira, ngakhale kuti ena ankavina ndi mtima wonse. Kufuna kuti munthu aliyense akhale wokonzeka kufera chilungamo n'kufuna chinthu chimene mtundu uliwonse pansi pano sunakhalepo nacho.

Václav Havel wa ku Czechoslovakia analemba mu 1978 za munthu wogulitsa ndiwo zamasamba amene amapachika chikwangwani cha chipani pazenera la sitolo yake, osati poti akukhulupirira zolembedwapo, koma kuti asiyidwe pamtendere. Mfundo ya Havel inali yakuti zikwangwani zoterezi zikachuluka, zimauza aliyense wodutsa kuti anthu onse agonja, ndipo amene wakana amaonekera patali ngati mbuzi yoyera pakati pa zakuda. Khadi lathu linkagwira ntchito yomweyo. Aliyense wogula sankapweteka munthu, koma makhadi onse pamodzi ankasiya wokanayo ali yekhayekha pabwalo. Gawo la mayi wa tomato lija lilipo, koma n'laling'ono ngati njere ya mawere, ndipo woliyeza ndi mtima wake, osati ife.

Nanga zakuti anthu sankadziwa? Pamenepa pali choona ndi chonama chosakanikirana. Wayilesi inali imodzi, MBC. Kanema wa dziko lino anadzayamba mu 1999. Nyuzi zikuluzikulu zinali m'manja mwa Kamuzu ndi chipani, ndipo bungwe lounika mabuku ndi mafilimu linkatseka pakamwa chilichonse chokayikitsa. Munthu wa kumudzi ku Chitipa sakanadziwa zochitika m'zipinda za Mikuyu. Koma nkhani ya ngozi ya ku Mwanza anthu ambiri sanaikhulupirire ngakhale tsiku limene inalengezedwa, inkanong'onedwa m'makhitchini. Ndipo pali nkhanza zina zimene sizinachitikire m'chipinda chotseka. Zinachitika masana, pakati pa mudzi, anthu akuonerera.

Ndikunena za Mboni za Yehova, ndipo apa ndi pamene funso lathu limaluma. Anthuwa chikhulupiriro chawo sichiwalola kulowa ndale, choncho ankakana kugula khadi. Sanatenge mfuti, sanayambitse chipani. Msonkho ankakhoma. Boma linaletsa mpingo wawo mu 1967. Mu 1972 msonkhano waukulu wa MCP unagwirizana kuti achotsedwe ntchito, malonda awo afooketsedwe, ndipo apirikitsidwe m'midzi. Zimene zinatsatira zinalembedwa ndi mabungwe a ufulu wa anthu ndiponso ndi eni ake: nyumba ndi nkhokwe zinatenthedwa, anthu anamenyedwa mpaka ena kufa, amayi anagwiriridwa. Zikwizikwi zinathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, kumene ambiri, makamaka ana, anafa ndi matenda. Ena anathawira ku Mozambique. Atabwezedwa kuchokera kumeneko mu 1975, ambiri anakathera ku Dzaleka. Chiletso chinachotsedwa mu 1993.

Ndani anatentha nyumba zija? Lamulo linachokera kumwamba, inde, ndipo amene anakweza manja pamsonkhano wa 1972 ali ndi mlandu woyamba. Apayoniya ndi achinyamata a chipani anatsogolera. Koma mlendo sadziwa nyumba ya Mboni m'mudzi wa eni. Panali woloza. Panali tcheyamani wa nthambi wolemba mayina, nyakwawa yovomereza, ndi munthu amene mawa lake anakalima munda wosiyidwawo kapena kukusa mbuzi zotsala n'kuziphatikiza ndi zake. Palibe lamulo limene linakakamiza mwamuna aliyense kugwirira mayi. Palibe amene akanamangidwa chifukwa chomenya pang'ono, kapena kudwala mutu tsiku limenelo, kapena kufika mochedwa. M'midzi ina anthu anachitadi zimenezo: anazengereza, anayang'ana kumbali, anachenjeza anzawo usiku kuti athawe, anawasungira katundu. Ulamuliro unali umodzi dziko lonse, koma nkhanza sizinafanane mudzi ndi mudzi, ndipo kusiyanako kunali m'manja mwa anthu wamba.

Apa ndiye pali muyeso umene ine ndimaukhulupirira. Tisamafunse kokha kuti kodi munthuyu anamvera boma, pakuti pafupifupi aliyense anamvera. Tifunse kuti mpata wokana anali nawo waukulu bwanji, ndipo pamwamba pa zimene mantha anamukakamiza, iye anawonjezerapo chiyani chakechake.

Mpata umenewu kawirikawiri umakhala waukulu kuposa momwe anthu amanenera pambuyo pake. Wolemba mbiri Christopher Browning anafufuza gulu la apolisi a ku Hamburg lotchedwa Reserve Police Battalion 101, amuna pafupifupi 500, ambiri a iwo azibambo a mabanja, ogwira ntchito wamba. Mu Julayi 1942 anatumidwa kumudzi wa Józefów ku Poland kukawombera Ayuda. Mkulu wawo, Wilhelm Trapp, anauza achikulire pagululo kuti amene sangathe ntchitoyi apatuke. Anapatuka anthu khumi ndi awiri okha kapena kuposerapo pang'ono, ndipo sanaphedwe kapena kumangidwa. Tsiku limenelo Ayuda pafupifupi 1,500 anaphedwa. Ambiri mwa owombera sanakankhidwe ndi kuopa imfa. Anaopa kuoneka ofooka pamaso pa anzawo, anaopa kusiyira anzawo ntchito yonyansa. Nkhani imeneyi imandiwawa chifukwa ndimaidziwa nkhope yake. Mnyamata wa zaka 19 ali pagulu, anzake anyamula zibonga, wina wayambitsa nyimbo: chimene chimamuyendetsa nthawi zambiri si kalata yochokera kulikulu koma manyazi obwerera yekha. Zimenezi zimatithandiza kumumvetsa. Sizichotsa chibonga m'dzanja lake.

Akazitape ndiwo alibe pobisala. Kuneneza mnzako kunali ntchito yodzipereka wekha. Ambiri amene anakhala m'ndende za nthawi imeneyo amasimba kuti chimene chinawafikitsa kumeneko chinali nsanje ya udindo, mkangano wa malire a munda, ngongole, kapena nkhani ya chibwenzi. Boma linaika mpeni pabwalo, anthu n'kumautola kukathetsera zawo. Wochita zotere sanali kapolo wa ulamulirowo, anaubwereka.

Ndiponso mlandu umakula pamene munthu akukwera. Mlimi wosadziwa kuwerenga ndi mlembi wamkulu wa unduna sangayankhe mofanana. Orton ndi Vera Chirwa anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983 m'khoti la mafumu, kumene maloya sankaloledwa kuimira munthu. Amene anakhala pampando woweruza ankadziwa chimene akuchita. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto atalamulidwa kubwerera kwawo, panali ophunzira bwino amene analemba mndandanda wa mayina ndi kusaina makalata. Aphungu a Nyumba ya Malamulo ankapikisana kutamanda. Mipingo ikuluikulu, imene inali ndi guwa m'dera lililonse ndi abale kunja kwa dziko, inakhala chete zaka zambiri Mboni zikusakidwa. Mwina poti ozunzidwawo anali a mpingo umene ena sankaukonda. Amenewa anali ndi chidziwitso, ndalama, mapasipoti ndi mawu omveka. Chete wa munthu wotere amalemera kuposa chete wa mayi wa tomato. Palinso odyerera: amene analandira esiteti ya fodya, ngongole ya kubanki kapena nyumba yolandidwa chifukwa chokhala pafupi ndi chipani. Ku South Africa, katswiri wamaphunziro Mahmood Mamdani anadzudzula komiti ya Tutu kuti inayang'ana kwambiri apolisi ozunza n'kusiya mamiliyoni amene sanamenye aliyense koma anadya zipatso za tsankho, m'masukulu abwino, malo ndi ntchito. Wodyerera sangakhale ndi mlandu wa kukhoti, koma chimene chili m'manja mwake chili ndi mwini.

Pali mbali ina imene sitikonda kuikhudza, chifukwa imakhudza masiku amene timawanyadira. Kamuzu sanalande dziko ndi mfuti. Anthu anamulandira mu 1958, anamulirira ali m'ndende ku Gweru, anamuvotera mu 1961, ndipo anali ndi chifukwa chomveka: anatsogolera nkhondo yothetsa chitaganya. Palibe cholakwa pamenepo. Koma zizindikiro zinaoneka msanga. Ufulu usanabwere n'komwe, a zipani zing'onozing'ono ankamenyedwa ndi kutenthedwa nyumba, ndipo pa chisankho cha 1964 oimira MCP analowa onse opanda wopikisana nawo. Mu Seputembala 1964, patangotha miyezi iwiri chilandirire ufulu, nduna monga Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Augustine Bwanausi zinachotsedwa, Masauko Chipembere ndi Yatuta Chisiza anatula pansi maudindo, ndipo Nyumba ya Malamulo inaima ndi Kamuzu. Pofika 1966 chipani chinatsala chimodzi mwalamulo. Mu 1971 anakhala pulezidenti wamuyaya. Kukana kunali kotsika mtengo mu 1963 kuposa mu 1983. Amene ankaomba m'manja pamene "mdani" akumenyedwa, poti womenyayo anali wathu, anathandiza kuumba chibonga chimene pambuyo pake chinagwera aliyense. Chaona mnzako chapita, akuluakulu anatero, ndipo mbali yotsala ya mwambiwo tinaiphunzira ndi misozi. Ngati pali gawo limene khamu la anthu wamba lingavomere popanda kudzinamiza, lili pamenepa, pachiyambi, pamene nkhanza zinkakoma chifukwa zinkagwera ena.

Koma ndichenjeze, pakuti nkhani yotereyi imapsa msanga. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, anthu oposa 60 mwa 100 aliwonse anasankha nyali ya matipate, ndipo ambiri a m'chigawo chapakati anasankha tambala wakuda. Ena atenga zimenezi n'kumapaka mlandu wa zaka 30 pa chigawo chonse kapena mtundu wonse. Kumeneko n'kubwereza ndendende maganizo a ozunza aja, amene ankalanga mudzi wonse chifukwa cha munthu mmodzi, monga zinachitikira ku Mangochi pambuyo pa kuukira kwa Chipembere mu 1965, kapena aphunzitsi onse chifukwa cha kumene anabadwira. Aaron Gadama anali wa ku Kasungu, kwawo kwa Kamuzu. Mboni za m'chigawo chapakati zinazunzidwa koopsa. Apayoniya, akazitape ndi nduna ankachokera m'zigawo zonse zitatu. Ku Rwanda mu 1994 dziko linaona kumene mawu oti "onsewo ndi amodzi" amafikitsa anthu. Ndipo makhoti a gacaca, amene anazenga milandu pafupifupi 2 miliyoni asanatsekedwe mu 2012, ngakhale anali ndi zofooka zake, anagwira mfundo imodzi yolondola: anafunsa munthu aliyense payekha, pamaso pa anansi ake, kuti iwe unapha, unaloza, kapena unaba katundu, ndipo zilango zinasiyana.

Ena amati chaka cha 1992 chinaonetsa kuti anthu anali ndi mphamvu nthawi yonseyi, kungoti sanaigwiritse ntchito. Pa 8 Malichi kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi dziko lonse, ophunzira a ku Chancellor College anayenda m'misewu ya Zomba kuichirikiza, Chakufwa Chihana anatsika ndege pa 6 Epulo akudziwa kuti amangidwa, ndipo mu Meyi antchito a ku David Whitehead ku Blantyre anayamba sitalaka imene inafalikira. Anthu pafupifupi 40 anafa apolisi atawombera. Pasanathe zaka ziwiri ulamuliro umene unkaoneka ngati phiri la Mulanje unagumuka, ndipo mu Disembala 1993 asilikali analanda zida Apayoniya m'masiku ochepa. Zoonadi, manja atakana kugwira ntchito, bomalo linalephera kuyenda. Koma tisapotoze mbiri pofuna kudzudzula makolo. Mu 1992 mkangano wa maiko a azungu ndi Soviet Union unali utatha, ndipo maiko amene kwa zaka zambiri ankathandiza Kamuzu akudziwa za Mikuyu anaimitsa thandizo lawo mu Meyi chaka chomwecho. Zambia inali itasintha kale mu 1991. Kamuzu anali atakalamba. Kalata yomweyo ikanawerengedwa mu 1975, mwina bwenzi olemba ake atathera m'ndende dziko lapansi lili duu. Kulimba mtima kumafuna nyengo yake, ndipo amene anasunga Kamuzu ndi ndalama zawo ku London, Washington ndi Pretoria ali ndi gawo lawo m'nkhani ino, lalikulu kuposa la wogula khadi.

Chotsala ndi ngongole ija. Malamulo a dziko a 1994 anakhazikitsa bwalo lapadera lopereka chipukuta misozi kwa amene anazunzidwa m'nthawi ya chipani chimodzi, ndipo linapatsidwa zaka khumi. Linatsekedwa anthu zikwizikwi atangolandira kachigawo kochepa, ena osalandira kanthu; mu 2017 ofesi ya Ombudsman, pansi pa Martha Chizuma, inakumbutsa boma za mabala amenewa. Ndalama zoterezi zimachokera mumsonkho, ndiye kuti wolipira ndi ine, inu, mtsikana wobadwa mu 2001 wogulitsa zovala ku Limbe, ngakhalenso ana a Mboni zomwe zija. Ena amati si chilungamo. Ine ndikuti n'chilungamo, pa chifukwa chomwe chija malume amasonkhera chimanga: misewu, sukulu ndi mabwalo a ndege a nthawi ya Kamuzu tinazilandira ngati chuma chamasiye, ndipo wolowa chuma amalowanso ngongole. Kulipira sikuvomera kuti unamenya munthu.

Koma msonkho sungafike pakhomo la munthu n'kunena kuti ndine ndinaloza nyumba yanu, mbuzi zanu ndinadya ndine. Zimenezo zimafuna pakamwa pa mwini wake, ndipo dziko lathu silinatsegule bwalo lililonse loti mawu otere anenedwe. Mboni zitabwerera kwawo, zambiri zinakamanga pafupi ndi anthu omwe anawapirikitsa, n'kumatunga madzi pa mjigo umodzi. Dzaleka inasanduka msasa wa othawa kwawo ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda kuyambira mu 1994, ndipo ana ambiri a ku Dowa sadziwa kuti kale kumeneko kunkatsekeredwa Amalawi. Mnyamata amene anali ndi zaka 20 mu 1972 tsopano wapitirira zaka 70. Ena mwa iwo ndi akulu a mpingo, ena ndi nyakwawa, ena amakhala pakhonde kulera zidzukulu, ndipo mayi amene anamuthamangitsa usiku uja, ngati akali moyo, amakhala kutsidya kwa dambo lomwelo.